Mayi Mabel Kaphwiti ndi Galimoto Yopitira Kumaliro

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1968 ku Balaka, m'nyumba za antchito a njanji. Sukulu analekera Fomu 2. Mu 1989 anakwatiwa ndi Bambo Jameson Kaphwiti, omwe anatisiya mu 2001. Mu 2004 anabwera kuno ku Leicester, nakhazikika ku Braunstone, akusamalira okalamba ku Wigston.

Mu 2013 mnzawo wapamtima anamwalira ku Derby. Mayi anagula tikiti, ndipo poti kumaliro munthu amalawirira, anakwera sitima imene inayamba kufika. Sanadziwe kuti kuno tikiti ili ndi sitima yakeyake ndi ola lakelake. Woona matikiti anawatsitsa ku Loughborough, chitenje chili m'chiuno. Anafika anthu akuchoka kumanda.

Mwana wobadwira panjanji uja sanakwerenso sitima. Anaphunzira kuyendetsa ali ndi imvi, neba wawo Mayi Bilkis atakhala pambali akupemphera chamumtima, nagula galimoto yakale ya mipando isanu ndi iwiri. Zovuta zikagwa ku Nottingham kaya ku Corby, ankaweruka kuntchito n'kuzungulira m'makomo kutenga anthu. Ambiri mwa inu munakwera, mutafungata mapoto. Mukukumbukira mawu awo: "Muno mulibe tikiti. Lowani, chitsekocho mumenyetse, n'chamakani ngati mwini wake."

Nkhani yoti madalaivala azidzalipira msewu pa mtunda uliwonse itayamba kumveka, alongo awo, a Henderson, anati galimotoyo igulitsidwe isanasanduke mtolo. Mayi anayankha kuti, "Awerenge mamailowo, achimwene. Koma ine ndili moyo, munthu sadzapepesa maliro pafoni."

Anayamba kudwala khansa mu Malichi 2024, ndipo anatisiya pa 2 Febuluwale 2025.

Amalume, tamva kuti wogula mwam'peza kale. Mwaulemu wonse, pamaso pa anthuwa, ife ana tikuti galimoto sigulitsidwa. Mmodzi wa ife, Thandi, laisensi ali nayo. Mipando ya ana athu tiziichotsa, anamalira azikhala.

Malemu asiya ana awiri, Thandi ndi Michelle, adzukulu atatu, ndi a Henderson. Tikuthokoza mpingo, anamwino, ndi Mayi Bilkis amene sanatisiye. Inu amene mwabwera pa sitima, musathamangire ola la tikiti yanu mwambo usanathe. Dikirani pageti, tikakutulani kwanu.

Mayi, mwayenda mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.