Mayi Felesta Chisenga ndi Diresi Lotsekera Kumanzere

Mayi Felesta Chisenga anamwalira Loweruka pa 9 Ogasiti 2025 kunyumba kwawo ku Ellenbrook, kuno ku Perth. M'nyumbamo anali okha.

Anabadwa pa 14 Malichi 1968 ku Linthipe, m'boma la Dedza. Pulaimale anaphunzira komweko, sekondale analekezera Fomu 2, ndipo mu 1986 anapita ku Lilongwe kukaphunzira utelala. Mu 1992 anamanga banja ndi Bambo Benedict Chisenga. Banjali linasamukira kuno ku Perth mu 2006. Bambo Chisenga anatisiya mu 2015.

Mu 2008 malemuwa anayamba ntchito ku Morley, pashopu ya Mayi Liang ochokera ku China, amene amasoka madiresi akwawo: a kolala yoima, otsekera pambali ndi mabatani oluka ndi nsalu. Anayamba ndi kupinda, kenako kudula, mpaka kufika pojambula okha masitayilo. Awiriwa anagwirira ntchito patebulo limodzi zaka khumi ndi zisanu.

Anasiyana mu 2023 chifukwa cha AI, mapulogalamu apakompyuta amene amajambula chomwe munthu wawauza. Mayi Liang ankati makinawa amadziwa maluwa ndi mbalame za pansalu, koma sadziwa chifukwa chake zili pamenepo. Malemuwa, amene maso anali atayamba kuwavuta, ankati ndi chida basi, chimodzimodzi sizasi. Panalibe wogonja. Kuyambira pamenepo malemuwa ankasokera m'galaja kunyumba kwawo.

Mu Novembala 2024 anasoka diresi lofiira la mkwatibwi wachitchaina, kutsatira chithunzi cha AI. Pachithunzipo diresilo linatsekera kumanzere. Pamwambo wa eni ake, chovala cha wamoyo chimatsekera kumanja; chotsekera kumanzere amaveka akufa. Mwambowu malemuwa ankaudziwa, koma sanazindikire, ndipo panalibe wina woona nawo. Mayi a mkwatibwi analibweza diresilo. Malemuwa sanaloze chala makina. Ankati anadula nsalu ndi iwo. AI sanaisiye, koma maoda a ukwati sanabwerenso.

Anali mkhristu wa Chipresibeteriya, ankapemphera ku Mirrabooka, ndipo anatumikira m'Chigwirizano cha amayi. Ambiri mwa amayi muli panowa yunifolomu yanu anakusokerani ndi iwo.

Mu Febuluwale chaka chino madokotala anawapeza ndi khansa ya m'mimba. Anagonekedwa m'chipatala kawiri, ndipo mu Julaye anapempha kubwerera kunyumba.

Anasiya mawu awiri kwa mwana wawo Tithokoze. Oyamba: asavekedwe yunifolomu, koma diresi lofiira lija, chifukwa tsopano lapeza mwini wake. Nchifukwa chake mwawaona m'zofiira, yunifolomu ili pambali pa bokosi. Achiwiri: batani la pakhosi adzalimange Mayi Liang.

Malemuwa asiya ana awiri, Tithokoze wa ku Melbourne ndi Davide wa ku Lilongwe. Mdzukulu mmodzi, Mwawi. Ndi mchemwali wawo Ennie, amene ali ku Linthipe.

Uthenga wa batani lija unaperekedwa kushopu ya ku Morley, ndipo wantchito amene anaulandira anati awauza Mayi Liang. Yankho silinabwere. Batani la pakhosi talisiya lomasula kudikira iwo, ndipo abusa avomera kuti bokosi litsekedwe nyimbo yomaliza ikatha.

Mayi Felesta, pumulani mu mtendere.