Diso Limodzi Pakhomo la Holo

Khansala Dewulf ankadikira basi pasiteji yoyang'anizana ndi holo ya mzinda pamene mayi wina wonyamula buledi analoza chosema chakale cha pamwamba pa khomo.

"Bambo, mkulu uyo ali ndi diso limodzi bwanji?"

"Ndi wopanga malamulo wamakedzana, mayi. Analamula kuti wachigololo azikolowoledwa maso onse awiri. Woyamba kugwidwa anali mwana wake. Ndiye anapereka diso lake limodzi, mwanayo limodzi."

"Koma nkhanza!"

"Makhansalafe timalumbirira pansi pake, kuti lamulo lisamayang'ane nkhope."

"Aa, kulumbira n'kosavuta."

"Zoona. Ndikuchokera kovota kuti agwetse nyumba yomangidwa popanda chilolezo."

"Ya ndani?"

"Ya mwana wanga. Inenso ndimagona momwemo."