Timawaya ta Muubongo pa Siteji ya Basi

Pa siteji ya basi ku Adelaide, bambo wina wachikulire ankamanga mabatani a jekete lake modekha, mayi wovala yunifolomu ya kufakitale akumuyang'anitsitsa.

"Pepani bambo," anatero mayiyo, "zipsera ziwiri zili pamutu panuzo n'za opaleshoni?"

"Maso anu ndi akuthwa, mayi. Manja angawa ananjenjemera zaka zisanu ndi ziwiri. Madokotala anandilowetsa timawaya muubongo, batire n'kuliika pachifuwa apa. Tsiku limene analiyatsa, dzanja linangoti zii. Mkazi wanga analira ngati ali pamaliro."

"Timawaya timeneto ndimapanga ndine."

"Musandinamize!"

"Zoonadi. Nditayamba ntchito tinalipo khumi ndi awiri, lero tapitirira mazana atatu. Maoda a ogula timawayati akuchokera ku Korea, ku India, konsekonse. Ena akufuna tothetsa ululu wa msana, ena ta khunyu. Koma timawayato tikunka tichepa chaka ndi chaka, maso angawa atopa nato. Ndikufuna kusiya ntchito pa Khirisimasi."

"Kusiya? Nanga mnzanga Trevor, amene akudikirabe opaleshoni, mkazi wake akumumwetsa tiyi ndi supuni?"

"Kungoti ifetu timangoona makatoni akutuluka pageti. Munthu woyenda ndi ntchito ya manja anga sindinakumanepo naye."

"Ndiye mwakumana naye lero. Bweretsani dzanjalo kuno. Ine ndinali nditasiyiratu kupereka moni wa m'manja, manyazi."

"Mayo ine, taonani, tsopano amene akunjenjemera ndine."

"Osadandaula mayi, Lolemba mukadzipangire kawaya kanu."