Kumanzere kwa a Zuze

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni nonse. Bambo mfumu ndi akuluakulu a mpingo, zikomo pondipatsa mpata uno. Dzina langa ndine Lukasi Mbewe. Ambiri mumandidziwa ngati wogulitsa kabichi pa Linthipe. Sindine munthu wolankhulalankhula. Koma lero ndilankhula, ndipo mukamva mawu anga akukwera, mundikhululukire. Nkhaniyi imandiwawabe.

Kale ndinali kapitawo m'nkhalango ya paini pa Phiri la Dedza. Ndinali ndi nyumba ya pantchito, yamalata. Ndinali ndi njinga. Ine ndi akazi anga, a Nabanda, mwana wathu woyamba ndi Benedikito, amene timangomuti Bene. Mwanayu anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Ine sekondale ndinaisiyira panjira chifukwa cha fizi. Ndiye nditamuona atavala yunifolomu, ndinati mumtima: apa tafika.

Anali masiku a chipani chimodzi aja. Achinyamata a lero simungawadziwe. Munthu unkayamba wayang'ana kumbuyo usanatsokomole. Mu ofesi iliyonse munkakhala chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, cha m'galasi, chopachikidwa pamwamba penipeni. Palibe chinkaloledwa kukhala pamwamba pa chithunzicho, ngakhale wotchi.

Bene atatsala pang'ono kumaliza, fizi inakwera teremu ili pakati. Ana anauzidwa kuti wosalipira yowonjezerayo abwerera kwawo mayeso asanayambe. Ana a alimi, abale! Chimanga chikadali chachiwisi m'munda! Anawo anasankha anzawo kuti akadandaule kwa ahedi. Ahedi anawabwezera pakhomo. M'mawa mwake ana anakana phala, n'kuyamba kuimba, akulowera ku ofesi. Wina anatola mwala. Anzake n'kutola. Mwana wanga nayenso anatola.

Sindibisa, ndipo sindikumuikira kumbuyo. Anagenda.

Magalasi a ofesi anasweka. Mwala wina unalowa pazenera n'kung'alula galasi la chithunzi chija. Mwala wina unalasa a Zuze, bambo wophika pasukulupo, amene anatuluka m'khitchini kuti awaletse anawo. Unawalasa diso la kumanzere. Disolo linathera pomwepo.

Makolo tinaitanidwa. Tinapeza ana atawakhazika pansi pabwalo la mpira, padzuwa, apolisi ali mbali iyi, anyamata a chipani ali mbali iyo ndi zikoti. Kutsogolo anaika tebulo, patebulopo n'kuimikapo chithunzi chong'aluka galasi chija, ngati tabwera pamaliro ake. A tcheyamani a chipani m'dera lathu analankhula mpaka thovu kukamwa. Chithunzi, chithunzi, chithunzi. Akuti anawa anyoza dziko. Akuti alipo amene akuwatuma.

Ine ndinkadikira kuti atchule a Zuze. Ndinkawadziwa bamboyo, poti nkhuni za kukhitchini ankadzatenga kwathu kunkhalango. Ndinadikira. Sanawatchule. Magazi awo anali akadali pakhonde la khitchini, ntchentche zikuterapo, koma dzina lawo silinamveke pabwalopo.

Kenaka anagamula. Kholo lililonse likwapule mwana wake patsogolo pa tebulo, mwanayo agwade, apepese chithunzi. Anayamba ndi ife a ntchito za boma, kuti tionetse chitsanzo. Anandipatsa chikoti m'manja.

Ndinati, "Pepani a tcheyamani, ndifunse nawo. Mwanayu walakwa, chilango chikumuyenera. Koma nanga diso la a Zuze?"

"Zuze wake uti?"

"Wophika uja. Ali kuchipatala."

"Bambo inu, ife tikukamba za mtsogoleri wa dziko, inu mukutiuza za kukhitchini? Mukufanizira chithunzi ichi ndi munthu wotakasa nyemba?"

"Sindikufanizira, bwana. Galasi amagula kusitolo."

Mawu anga onse anali omwewo.

Anandilanda chikoti. Mwana wanga anamukwapula okha anyamata awo aja, ine ndikuona. Anamukwapula mpaka malaya kumatirira kumsana. A Nabanda anali pambali panga ataluma chitenje kuti asalire mokweza, poti kulira nakonso ukanakhala mlandu.

Bene anachotsedwa sukulu, n'kuuzidwa kuti palibe sukulu ina imene idzamulandire. Pasanapite nthawi nanenso ndinaitanidwa kuntchito kwathu. Ntchito yatha. M'nyumba mutuluke. Sanandiuze chifukwa, ine sindinafunse. Anthu amene ndinkadya nawo mbale imodzi ankati akandiona ndikubwera, amapatukira m'mapaini.

Tinasamukira kwawo kwa akazi anga, kufupi ndi Kabwazi. Kapitawo kusanduka mkamwini, imvi zitayamba kale! Alamu anga a Gabiriyele, atsibweni ake a Bene, ankandiseka. "Alamu, zaka zonsezi muli duu, tsiku limene mwati mutsekule pakamwa mwagwetsa nyumba yamalata!" Anthu ankaseka. Ine sindinkaseka.

Ndinakwiya, abale anga. Ndinakwiyira a tcheyamani. Ndinakwiyira ahedi, amene akanangowapatsa mpando anawo n'kuwamvera, miyala sikanatoledwa. Ndinakwiyira Mulungu, kolona yanga n'kuitsekera m'sutikesi. Ndinakwiyiranso mwana wanga. Ndikamuona, ndinkaona mwala.

Koma mwanayo ndiye ankatha. Mabala a kumsana anapola, iye osapola. Sankadya. Kumpira sankapita. Ankangokhala kuseri kwa nkhokwe, manja ali m'khwapa, tsiku lonse. Tsiku lina masana amayi ake anamupeza akulongedza zovala m'thumba. Akuti akudutsa malire, akalowe ku Mozambique. Nthawi imeneyo anthu a kumeneko ankathawira kuno chifukwa cha nkhondo, iye akuti apite komweko! Ndinamugwira mkono.

"Ukuthawa chiyani iwe? Anakukwapula kale. Mlandu unatha."

Anayankha osandiyang'ana. "Anandikwapulira galasi, bambo. Ine ndimalota diso."

Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi. Ndinaona kuti zikoti zonse zija sizinaukhudze n'komwe mlandu weniweni. Mlandu unali ukadali pomwepo, wosakambidwa, ukumudya mwana wanga m'kati ngati nankafumbwe m'chimanga. Tsiku limenelo ndinatsekula sutikesi ija. Pemphero langa silinali lokoma. Ndinati, "Ambuye, ine ndakwiya nanu, mukudziwa. Ntchito mwatenga, nyumba mwatenga. Mwanayu musanditengere."

Taonani mmene Mulungu amayankhira. Sanatume mngelo. Anatuma a Gabiriyele omwewo, ondiseka aja. Atamva nkhaniyi anasiya nthabwala. Anati, "Kwathu kuno mwana akalasa munthu sitipepesa khoma. Timapita kwa mwini bala. Ndipo mwana wa mlongo wanga, mlandu wake ndi wanga. Wolankhula ndine. Inu alamu mungotiperekeza, pakamwa panu tinapaona kale ntchito yake." Anakamasula mbuzi m'khola mwawo.

A Nabanda anachita mantha. Masiku amenewo banja lotayidwa ngati lathu kukaoneka likuyendera munthu wa mlandu womwewo, wina akanatha kukanena kuti tikupangana zoipa. Koma thumba la Bene linali lomangamanga. Tinanyamuka.

Tinawapeza a Zuze kumudzi kwawo, kufupi ndi Linthipe, ali pakhonde, kansalu kali padiso. Nawonso ntchito inali itatha. Anawauza kuti wophika wa diso limodzi aphikira ana mchenga. Ndipo chitulukireni m'chipatala, palibe anapondako. Wa kusukulu ayi, wa chipani ayi, kholo ayi.

Tinakhala pansi, tinaomba m'manja. A Gabiriyele anafotokoza chimene tabwerera. A Zuze anatembenuza mutu wonse kuti amuone Bene ndi diso lotsalalo.

"Si iwe unkandivutitsa kupempha makoko a mumphika?"

"Ndine, bambo."

"Unagenda?"

"Ndinagenda."

"Mwala wako ndi umene unandipeza?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Nanenso sindikudziwa. Mwalawo sunanene kumene wachokera." Apa anamuloza chala. "Munkalimbana ndi fizi. Fiziyo ndinakweza ndine? Ine, amene ana anga sanapondeko n'komwe ku sekondale? Ndinkadzuka nkhuku zisanalire kukolezera moto ana a eni. Ndinatuluka m'khitchini kuti apolisi asakupheni. Malipiro ake ndi awa!"

Anachotsa kansalu kaja. Bene anayang'ana. Anagwa chafufumimba, n'kulira kulira kumene sanalire pa zikoti zija. Ine ndinafuna kumudzutsa, a Gabiriyele anandigwira bondo. Tinamusiya.

Atatonthola, a Zuze anati, "Mbuziyo bwererani nayo. Mbuzi siiona mzere. Vuto langa ine ndi ili: ndikamapalira ndikutema mbewu za kumanzere. Ndikamayenda pamsewu, njinga zikundiomba za kumanzere. Anawa ananditengera mbali iyi. Ndiye uyu, poti wabwera, akhale mbali imeneyi. Alime nane dimba mpaka tikolole. Kumunda, kumsika, kutchalitchi, azikhala kumanzere kwanga. Chilango changa n'chimenecho."

A Gabiriyele anaomba m'manja. "Tamva, tavomera. Mbuzi nayo ikuthokoza."

Bene anatsala komweko. Musaganize kuti chinali chilango chopepuka. Chisanu cha kuno mukuchidziwa. Kuthirira kabichi m'mawa, madzi ozizira ngati akuluma, manja anang'ambika. A Zuze nawo sanali munthu wofewa. Ankamukalipira mzere ukakhota, ankamubweza kuti ayambirenso. Koma nditapita kukamuona, ndinamupeza akudya. Akudya, abale! Akunyambita zala! Ndinabwerera kunyumba ndikulankhula ndekha m'njira ngati wamisala, ndikuthokoza.

Atakolola, a Zuze anatiitana n'kunena kuti mlandu watha, mwana wamasuka. Bene anati ayambe wawathandiza kubzala mbewu ina. Itatha imeneyo, anapezanso chifukwa china. A Zuze poona kuti ine ndikungokhala, anandidulira mbali ya dimba lawo. Munthu amene mwana wanga anamugenda ndi amene anandipatsa podyera. Kabichi amene mumagula kwa ine uja anayambira pamenepo.

Ndisaname m'nyumba ya Mulungu. Si zonse zinabwerera. Sukulu ya mwana wanga sinabwerere, ndipo anali wanzeru kuposa ine. Diso la a Zuze silinabwerere. Galasi lija analisintha sabata yomweyo! Chithunzicho lero sindikudziwa kumene chili. A tcheyamani aja alipo, amabwera pamsika, amanditchula kuti achimwene, amapempha banyira. Ndimawaikira. Koma dzanja limalemera. Kukhululuka ndikuphunzirabe, mundipempherere.

Ndimamva kuti fizi ikakwera ana akutolabe miyala. Ana inu, ndimvereni. Kudandaula kwanu kungakhale koona, kwa Bene kunali koona. Koma mwala sufika kwa wokweza fizi. Umapeza wophika. Ndipo inu akuluakulu, mwana wogenda alangidwe, inde alangidwe, ine sindinakanepo. Koma musanatole chikoti, yambani mwafunsa kuti wapwetekedwa ndani. Mwanayo mupite naye kwa ameneyo, akaone bala ndi maso ake. Zikoti zinatsala pang'ono kundithawitsira mwana kunkhondo. Dimba la a Zuze linandibwezera mwanayo.

Lero tili ndi nyumba yathu, yaudzu koma yathu, palibe angatitulutsemo. A Nabanda ali bwino. Kolona ija ndi iyi, ili m'thumba. Bene ali pabanja, ali ndi dimba lakelake ndi ana ake. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha zonsezi. Ndikuthokoza alamu anga, ngakhale amandisekabe.

A Zuze akalamba tsopano, diso lotsala lija nalo layamba kuchita nkhungu. Ali nafe muno, kumbuyo uko pafupi ndi chitseko. Tembenukani muwaone. Muonenso amene wakhala kumanzere kwawo. Mlandu unatha kalekale, abale anga. Iye sanasunthe.

Ambuye alemekezeke. Zikomo.