A Fumbi ndi Njinga Yawo ya Msewu wa Miyala

Malemu achimwene anga, omwe ambiri mwa inu mumawadziwa ndi dzina loti a Fumbi, anabadwa pa 9 Ogasiti 1956. Anali oyamba m'banja la ana asanu, ndipo ine amene ndikuyankhula m'malo mwa banja ndine mzime. Mayi amene aima pambali pangawa, amene akuwerenga mawu anga pa pepala n'kumawamasulira ndi manja kuti anzathu osamva atsatire nawo, ndi mwana wachiwiri wa malemu. Ndiziyankhula mofatsa kuti ndisawatopetse mikono.

Malemu anayamba sukulu mu 1963 ndipo masamu ankawakhoza bwino. Bambo athu atamwalira mu 1972, iwo anasiyira sukulu panjira ali ku sekondale kuti athandize mayi kutilera. Analowa ntchito pa kampani yopanga mafelemu a zitseko ndi mawindo. Anayamba ndi kusesa ndi kunyamula zitsulo, kenaka anaphunzira kuwotcherera, ndipo ntchito yawo inakhala imeneyo mpaka kupuma. Ife ang'ono awo tonse tinamaliza sukulu chifukwa cha manja awo.

Mu 1981 anamanga banja ndi alamu angawa, omwe nthawi imeneyo ankasoka pakhonde la sitolo yoyang'anizana ndi geti la kampaniyo. Anzawo a kuntchito amakumbukira kuti chaka chimenecho ovolosi ya achimwene inkang'ambika pafupipafupi modabwitsa. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu, mwamuna, mkazi, kenaka mwamuna.

Mu 1988 anagula njinga yamoto yogwirapo kale ntchito yoti azipitira kuntchito. Inali njinga ya m'tauni, yofiira, yaifupi, ya matayala osalala. Loweruka lililonse ankaipukuta mpaka kumadzionera nkhope pa thanki, ndipo mwana wogwira galasi lake ankaona zakuda.

Mu 1990 mwana wawo wamkaziyu, ali ndi zaka zinayi, anadwala matenda oumitsa khosi. Anachira, koma makutu anatsekeka. Mu 1993 anamupezera malo pa sukulu yogonera komweko ya ana osamva. Sukuluyo inali kutali, ndipo kuchokera pomwe phula lathera, msewu wake unali wa miyala, mchenga ndi zigwembe, moti basi sinkafikako. Tsiku lokamusiya tinapita pa galimoto yobwereka. Mwana anakakamira thalauzi la bambo ake mpaka amayi oyang'anira ana anachita kumumasula chala chimodzichimodzi. Achimwene anayankhula, anakweza mawu, analoza msewu, koma analibe njira yomuuzira mwana wawo kuti adzabweranso. Chomwe mwanayo anaona ndi bambo ake akukwera galimoto n'kumapita.

Kumapeto kwa mwezi womwewo ananyamuka pa njinga ija kukamuona. Sanafike. Pa chigwa china tayala lakutsogolo linaterereka mumchenga, mwala unaboola injini kunsi, ndipo iwo anathyoka dzanja lamanzere ndi zala ziwiri. Amene anawatola ndi bambo wina woyendetsa thirakitala, yemwe anawakweza limodzi ndi njingayo mpaka kuchipatala. Teremu yonseyo mwana sanaone bambo ake. Atabwera kutchuthi, achimwene akalowa m'nyumba iye ankatembenukira kukhoma. Inu amene muli ndi ana osamva mukudziwa kuti mwana wotere akakubisira maso, zokambirana zathera pomwepo.

Alamu anabisa makiyi m'chitini cha mabatani, nati njingayo igulitsidwe isanawasiye ndi ana amasiye. Achimwene anayankha mofatsa kuti, "Mayi, njingayi ilibe mlandu. Wolakwa ndine, ndinaipititsa kumunda itavala nsapato za mu ofesi." Anapempha kuti awalole aikonze, ndipo ikakana kukhala njinga ya msewu umenewo aigulitsa okha.

Ntchito inayambika pakhonde la kuseri, iwo ali ndi chikhakha kudzanja. Maganizo anali awo, manja anali anga, ndipo ndinakalipiridwa mokwanira. Tinachotsa matayala osalala n'kuika a zibuluma ogwira dothi. Tinaika mashoko aatali kuti njinga ikwere m'mwamba, ndi mahandulo otambalala oti munthu aziwongolera ataimirira. Madigadi yakutsogolo tinaikweza kuti matope asamatseke tayala. Kumbuyo tinaika gudumu lalikulupo loyendapo tcheni, kuti njinga izikwera zitunda mosapupuluma. Kunsi kwa injini anamangako chitsulo chochindikala chodulidwa ku chitseko chakale, choti miyala izimenya chimenecho. Chomwe anachedwa nacho kwambiri ndi timalata topinda toteteza zala pa mahandulo. Anatipanga katatu konse asanakhutire. Zipangizo za injini ankatsukira m'beseni losambitsira ana, ndipo za beseni limenelo alamu sanaiwale mpaka lero.

Chikhakha chitachoka, ankapita madzulo ku msewu wa kokumba miyala kuseri kwa dera lathu kukadziphunzitsa. Anagwa kambirimbiri, koma pang'onopang'ono. Kumeneko ndi komwe anazindikira kuti pa miyala matayala amafunika kuwachepetsa mpweya, ndipo mumchenga sugwira buleki yakutsogolo.

Mu Febuluwale 1994 anafika ku sukulu kuja. Fumbi linali litawakuta thupi lonse, kungotsala maso. Ana anawazungulira akuseka, ndipo mmodzi anadzisansa pamapewa ngati akuchotsa fumbi. Chizindikiro chimenecho chinasanduka dzina lawo m'chinenero chamanja, aphunzitsi anatimasulira, ndipo kuyambira pomwepo anakhala a Fumbi. Mwana wawo anaima patali mpaka bambo ake atavula chipewa. Achimwene anapita kaye kwa aphunzitsi kukapempha kuti awaonetse mmene amanenera ndi manja mawu oti "ndibweranso". Anayeserera kuseri kwa kalasi, kenaka anagwada pamaso pa mwana wawo n'kunena. Mwanayo anawagwira zala, nawakonzera pomwe analakwitsa, kenaka anawakumbatira.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi ankapita kumeneko mwezi ndi mwezi, chilimwe ndi dzinja lomwe. Mtsinje ukadzaza ankadikira kutsidya mpaka madzi ataphwa. Ankakhala kumbuyo m'kalasi pa kabenchi ka ana, maondo ali m'chibwano, kuphunzira chinenero chamanja. Akabwerera ankatiphunzitsa ife, ndipo palibe ankaloledwa kuzemba. Alamu, omwe aja anabisa makiyi, anasoka zikwama ziwiri za lona zokoleka m'mbali mwa njinga, ndipo pasanapite nthawi anayamba kukwera nawo kumbuyo.

Makolo ena a ana a pa sukuluyo atamva, anayamba kubweretsa sopo, shuga ndi nsapato kuti a Fumbi akapereke. Achimwene ankalandira katunduyo, koma ankawauza kuti mwana sakumbatira sopo. Motero abambo ndi amayi ambiri anafika ku sukulu kuja koyamba atakwera kumbuyo kwa njinga yofiira ija. Kenaka alangizi a zaumoyo, alangizi a zaulimi ndi abusa oyendera mipingo yakutali anayamba kubweretsa njinga zawo za m'tauni pakhonde lija. Malemu sankabweza munthu, koma sankaperekanso makiyi kwa mwini njinga wopanda chipewa, kapena amene sanapite nawo kokumba miyala kukaphunzira kugwa.

Mu 2009 mwana wawoyu anamaliza maphunziro a uphunzitsi nabwerera kukaphunzitsa pa sukulu yomwe ija. Mu 2016 malemu anapuma pantchito. Pamodzi ndi anzawo okonda njinga, ankanyamuka Loweruka kutsata misewu yomwe sanaiyendepo, kukwera mapiri ndi kuoloka madambo. Ankabwera ndi nkhani zambiri, ndipo zina mwa izo zinali zoona.

Mu 2021 anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mankhwala ankamwa, ngakhale kuti mchere ankaubisa m'thumba la jekete. Mu Malichi 2024 anagwa pakhonde pawo ndi matenda a sitiroko. Mbali yakumanja inafa ndipo mawu anasiya kutuluka. Komabe m'nyumbamo simunakhale chete, chifukwa dzanja lamanzere linkayankhula. Anatha kuuza adokotala pomwe pankapweteka, kudandaula kuti tiyi wachepa shuga, kudalitsa adzukulu mmodzimmodzi, ndi kupepesa alamu chifukwa cha mantha onse omwe anawadyetsa pa zaka zonsezi. Matendawa anabwereza pa 14 Juni 2025. Tinathamangira nawo kuchipatala, ndipo anatisiya pa 17 Juni, mayi akunyumba ndi ana onse atatu ali pambali pawo.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, adzukulu asanu ndi awiri, mlongo wawo mmodzi, ndi ine mng'ono wawo.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino omwe anawasamalira, makamaka anamwino awiri amene anaphunzira zizindikiro zingapo kuti azitha kuwafunsa mmene agonera. Tikuthokoza ampingo, anansi amene akhala nafe chigonere kuyambira tsiku loyamba, amayi ophika, achinyamata okonza kumanda, ndi anzawo a kuntchito amene awotcherera okha mtanda wa pamanda. Tikuthokoza okwera njinga amene mwaperekeza thupi kuchokera kuchipatala. Bambo wa thirakitala uja anatsogola kale, koma mwana wawo wabwera, wakhala apoyo. Bambo, mukauze abale anu onse kuti zaka zonse zimene tinakhala ndi achimwene kuchokera tsiku lija, tinazilandira kudzera m'manja mwa bambo anu. Tikuthokozanso aphunzitsi ndi ana a sukulu ija, akale ndi atsopano, omwe mwadzaza mbali yonse iyi.

Pomaliza ndili ndi pempho lochokera kwa anzathuwa. Nyimbo zonse zomwe taimba kuyambira dzana, iwo sanazimve. Iwo akafuna kuyamika munthu saomba m'manja, amakweza manja onse awiri m'mwamba n'kumawagwedeza. Ndikupempha tonse, akulu ndi ana, tikweze manja athu chomwecho, kuti pa kanthawi aka tithokoze Mulungu chifukwa cha moyo wa malemu m'njira yomwe aliyense pano aione.

Zikomo. Tsitsani manja.

Achimwene, ntchito yanu mwaigwira ndipo ife taiona. Mzimu wanu uuse mumtendere.