Tirigu wa Mayi Stamena

"Kanemayu mukandichotsamo ine, mutsala ndi utsi ndi mahatchi basi," anatero Vukosav. Anali chilili pakati pa holo ya m'tauni mwathu, manja m'chiuno, mipando akuindandalika ndi mlamu wake Obrad yekha.

Linali tsiku lija limene chaka ndi chaka timaonetsa kanema wa nkhondo amene anajambulidwa pamlatho wathu tonsefe tili ndi mano athu enieni. Theka la tauni lili momwemo: ena akuthamanga, ena akuwombera, ambiri ali kwala. Ndipo chaka chilichonse Mayi Stamena, wamasiye wogulitsa tchizi pamsika, amabwera ndi mbale ya tirigu wophika, wothira uchi ndi mtedza, yemwe uja timagawana pokumbukira akufa. Kanema akafika pamlatho amalira, akatha amagawa tirigu. Vukosav, amene ukwati unamulambalala, anali atametetsa ndevu masana amenewo, ndipo ankanunkhira mpaka pakhomo.

"Mipando iwiri yakutsogoloyo pasakhale munthu," anatero. "Lero ndikuwafunsira Mayi Stamena."

"Kuwafunsa chiyani?"

"Kuwafunsira, alamu. Ukwati."

"Wa ndani?"

"Wanga. Mkazi wandilira zaka zonsezi. Munthu uzikhala ndi chisoni."

Obrad anatsitsa mpando pansi bwinobwino. Ndi munthu wamtali ngati mtengo wa magetsi, ndipo khutu lake lakumanzere ndi loduka nsonga: bulu wa bambo ake analilawa ali mwana.

"Mwadwala?"

"Sindinadwale. Ndinafa."

"Liti?"

"Pamlatho."

"Aa. Koma dzulo lomweli tamwa kachasu wa rakija limodzi. Osanena bwanji?"

"Mukanema, alamu. Ndikuthamanga ndi mbendera, chipolopolo cha pano," anadzigunda pachifuwa, "ndikuzungulira, ndikugwada, ndikudzuka, china cha pano, ndikukwawa, ndikuyang'ana kumwamba..."

"Oo, kuja. Kumene kuja si kufa."

"Ndi chiyani?"

"Kuchedwa. Munthu wakufa sayenda mlatho wonse. Komanso anakudzutsani. Ndinamva ndi khutu ili." Analoza lathunthulo. "Bwana wojambulitsa kanema, wa chipewa choyera uja, anakuwa kuti, 'Iwe wa mbendera, dzuka, wakwana, ukutithera tepi.'"

"Anati ndachita bwino."

"Anati wakwana."

"Kwa anthu a kanema n'chimodzimodzi."

Obrad anagwedeza mutu ngati waphunzira chinthu, n'kunyamula mpando wina. Vukosav anam'tsatira pambuyo, osanyamula kanthu.

"Tandiuzani inu. Anthu amadzaziranji holo ino chaka ndi chaka? Kanema mmodzi yemweyo. Ana a sukulu amaloweza mawu ake. Mayi Zagorka amachenjeza mkulu wa asilikali wa m'kanemayo asanatsegule chitseko. Chimawakoka n'chiyani?"

"Amadzaona ngati tipambane."

"Timapambana chaka chilichonse."

"Mpaka pano, eya."

"Alamu, kanema sasintha."

"Inu mumawakhulupirira adani? Ine ayi. Ndinali mmodzi wa iwo. Aatali tonse anativeka yunifolomu ya adani, afupi n'kukupatsani mbendera. Tsiku lina adzakumbukira kuti pansi pa mlathowo pali bomba."

"Amabwerera ine," anatero Vukosav. "Amadzaona mmene mwamuna amafera."

"Ine ndimadzaona achemwali anu," anatero Obrad. "Amadutsa pachitsime ndi mtsuko paphewa, nkhondo isanayambe. Kumanda sadutsa. Muno amadutsa."

Mlongo wake wa Vukosav, mkazi wa Obrad, anali munthu wabwino, ndipo anamwalira kale ndithu. Vukosav anakhosomola, n'kubwerera pa nkhani yake ngati ntchentche pa tchizi.

"Chabwino. Inu mtsuko, ena mtengo wa mtedza umene anaudula, ena agogo awo. Koma tirigu? Tirigu amaphikira ndani?"

"Wakufa."

"Basi. Ndi ineyo."

"Ndiye ndithamange kwa Bambo Jefrem wansembe."

"Kukatani?"

"Akalembe dzina lanu pa akufa. Zaka zonsezi sakutchulani. Mzimu wanu ukungoyendayenda pamsika."

"Khalani pansi. Kwa wansembe ndipita ndekha, ndi Mayi Stamena, kukadalitsa ukwati."

"Sangalole."

"Chifukwa?"

"Sadalitsa ukwati wa munthu wophikiridwa tirigu. Mayiwo aferedwa kale kamodzi. Kukwatiwa ndi woferatu n'kuwonjeza."

"Ndili moyo, alamu. Onani." Anatambasula manja, n'kudumpha pang'ono. Bondo linalira.

"Ngati muli moyo, tirigu si wanu."

"Ndi wanga."

"Ndiye munafa."

"Ndinafa mukanema, ndili moyo m'tauni."

"Tirigu amaphikira mukanema kapena m'tauni?"

"M'tauni."

"Kumene muli moyo."

Vukosav anapisa dzanja m'thumba la jekete. Anatulutsa kabotolo, anamwa pang'ono, osam'patsako mlamu wake.

"Chinanso," anatero Obrad, akuwongola mzere wa mipando ndi bondo. "Wakufa sadya tirigu wake. Amadya ndi otsala. Inu chaka chilichonse mumakhala woyamba pa mbale. Mumabwereza. Chaka chatha munapempha wa m'mphepete kumene kumakhala uchi."

"Kumeneko n'kuthokoza."

"Pa maliro onse amene ndapitako sindinaone mwini maliro akuthokoza ndi supuni."

"Nanga inu simudya bwanji?"

"Mtedza umandilowa pansi pa mano oikirirawa."

"Ndiye musaweruze za chakudya chimene simuchidziwa." Vukosav anabweza kabotolo m'thumba. "Lero muona nokha. Kanemayu anapita naye ku likulu, amutsuka. Akuti tsopano chilichonse chikuoneka, ngakhale thukuta. Nkhope yanga idzaza khoma lonselo."

"Amutsuka?"

"Eya."

"Ndi sopo?"

"Ndi makina."

"Ochapira zovala?"

"Alamu."

"Ndikufunsa chifukwa cha magazi. Ngati achoka, anthu adzadabwa kuti mukugweranji."

"Magazi sachoka."

"Aja amachoka. Anali jamu wa mapulamu. Ine anandipaka m'khosi monsemu. Mavu anadziwa msanga kuposa owonera."

"Inu mulimo n'komwe mukanemamu? Zaka zonsezi sindinakuoneni."

"Ndili m'ngalande, kumunsi kwa mlatho. Inu mukatha zanu zija, kamera imatsika. Pali kanthu kakuda. Anthu ambiri amati ndi thumba la mbatata."

"Ndiye ntchito yanu inali kukhala thumba."

"Inali kufa. Bwana uja anati, 'Iwe wamtali, ifa apo, usadzuke mpaka nditakuuza.' Ndinafa."

"Kenaka?"

"Sanandiuze."

"Sanakuuzeni chiyani?"

"Kuti ndidzuke. Anamanga katundu, anakwera magalimoto, anapita. Ndinamva onse akudya nyemba kuseri kwa sukulu. Mavu anatha jamu, nyerere zinabwera kudzatsuka mbale. Ndinachoka dzuwa litapendeka chifukwa mbuzi zinkalira kuti zikamidwe."

"Ndiye munadzuka."

"Ndinabwereka. Chilolezo sindinalandire mpaka lero."

Vukosav anaseka mpaka kugwira mpando. "Mwaona kusiyana kwake? Wina amafa anthu n'kumuphikira tirigu. Wina amafa anthu n'kumuyesa mbatata. Luso, alamu. Kufa n'kwa aliyense, koma kufa pamaso pa anthu n'kwa ochepa."

"Ine sanandiuze za luso. Anati ifa."

"Tsono tamverani. Magetsi akazima, ine ndikhala apa, Mayi Stamena apa. Ndikayamba kugwa pakhomapo, iwo ayamba kulira. Ine ndiwapatsa kampango aka, n'kunena kuti, 'Pukutani misozi, mayi, msilikali wanu wabwera.' Inu ntchito yanu n'kukhala kumbuyo, osatsokomola."

"Akakomoka?"

"Akomokeranji?"

"Munthu wam'phikira tirigu zaka zonsezi akuuza kuti wabwera."

Chitseko chinalira. Analowa Mayi Stamena, mpango wakuda kumutu, mbale yaikulu yovundikira ndi nsalu yoyera m'manja. Anafika msanga kuposa zaka zonse. Vukosav anakoka jekete, anatulutsa chifuwa, n'kuyenda kukawachingamira ngati akupitanso pamlatho.

"Mayi Stamena, mwadzivutitsanso chifukwa cha ine."

"Mwaswera bwanji, a Vukosav. Tapatukani pang'ono, mbaleyi ikulemera."

Anam'dutsa. Anayenda mpaka pamene panali Obrad, n'kuima, n'kuyang'ana m'mwamba, chifukwa ndi kumene kuli mutu wake.

"Tatembenukani, a Obrad."

Obrad anatembenuka thupi lonse, n'kuyang'ana khoma.

"Mutu wokha. Kumanzere."

Mayi Stamena anayang'anitsitsa khutu lija kwa nthawi ndithu. Kenaka anaika mbale pampando, n'kudzilemba mtanda.

"Ndi lomweli," anatero. "Dzulo tikupachika makatani, woyang'anira holo amayesa kanema wotsukayu. Ndinaona khutu. Zaka zonsezi ndimati ndi mwana wa eni, wochokera kutali."

"Khutu la ndani?" anafunsa Vukosav.

"La mnyamata wa m'ngalande. Mukanemamu aliyense akafa amam'nyamula, amamuimbira nyimbo, amam'funda mbendera. Uyu yekha palibe amam'tola. Ali phee, mavu ali m'khosi, osaphethira n'komwe. Mdani, inde, koma ali ndi amake. Ndinati ngati palibe wom'phikira tirigu, ndim'phikira ine."

"Koma mayi," anatero Vukosav, "mumalira pamlatho."

"Pansi pa mlatho."

"Nanga ine ndikamagwa ndi mbendera?"

"Ndi inu amene uja?" Mayi Stamena anam'yang'ana mwaulemu. "Pepani, kugwa kwanuko sindinakuonepo kwathunthu. Mukayamba kuzungulira m'pamene ndimapita kukhitchini kukatenga masupuni. Ndikamabwera ndimapeza mwatsala pang'ono."

Vukosav anakhala pansi. Sanasankhe mpando; mpando ndi umene unam'peza.

Mayi Stamena anavundukula mbale. Fungo la uchi linadzaza holo yonse, n'kugonjetsa la ometa ndevu. Anayang'ana mipando iwiri yakutsogolo ija.

"Iyi ili ndi eni ake?"

"Alamuwa anati pasakhale munthu," anatero Obrad.

"Ndiye inu mukhoza kukhalapo. Mukhala ndi ine lero, mundiuze mmene munkamvera m'menemo. Ndipo zija zogona m'ngalande zathera pano. Mwamva? Dzukani."

Obrad anaganiza kaye. "Bwana uja ndiye amayenera kunena."

"Bwana uja anamwalira. Ndanena ine."

"Chabwino. Koma kanema akatha. Ndisawasokoneze anthu."

Mayi Stamena anatapa supuni yodzaza, ya m'mphepete kumene kumakhala uchi, n'kum'patsa. Obrad anailandira ndi manja awiri, anaiyang'ana, n'kuipereka kwa mlamu wake.

"Idyani inu, alamu, muli moyo," anatero. "Ine sindingadye. Ndi wanga."