Katundu wa Zogwirira Ziwiri

Pasiteji ya basi yapachipatala ku Lisbon, bambo Aníbal anakhala ali ndwii. Ankachokera kokaona akazi awo, amene anasiya kulankhula atadwala sitiroko. Wailesi yapamalo ogulitsira khofi inkaimba nyimbo yachisoni yamtundu wa fado, ndipo mayi wina pambali pawo ankayimba nawo uku akupukuta misozi.

"Mayi, tangotuluka kumene m'chipatala, ndiye muzitiimbiranso zamaliro?" anatero bambo Aníbal.

"Munayamba mwamvetserapo mawu ake, bambo?"

"Woimbayo akuti Mulungu anamusenzetsa katundu wolemera. Chokoma n'chiyani pamenepo?"

"Dikirani ndime yomaliza. Akuti katunduyo ali ndi zogwirira ziwiri, chinacho n'cha wokondedwa wake. Inenso ndinkangoyiimba potsuka mbale, osaimva. Amuna anga ali m'chipatalamu, salankhula chiyambire chaka chatha. Lero ndangowayambira nyimboyi, iwo n'kuimaliza okha atandigwira dzanja."

"Munthu wosalankhula angaimbe bwanji?"

"Dzina langali silituluka, koma nyimbo yatuluka. Mawu awo osasa ngati a tambala wachimfine, komabe ndagwada pomwepo kuthokoza Mulungu, anamwino akuona."

"Akazi anga nawonso salankhula. Ankakonda ija ya msodzi wochedwa kunyanja. Kungoti ineyo kuimba sinditha, mawu anga ndi oipa."

"Zaka zonsezi sanakuthaweni, akathawe lero ali pabedi?"

Bambo Aníbal anaseka. Basi itafika, anawathandiza mayiwo kukwera, iwo n'kutsala pansi.

"Pitani bwino, mayi, Mulungu akudalitseni. Ine ndibwerere kaye, nthawi yoonera odwala sinathe."